Sinowo ikagwa kumidzi ya ku Scotland, samalani ndi antifreeze

Ine ntchito yanga ndi ya ziweto, ndipo Disembala akafika funso la abale athu amene akukhala kumidzi kuno ngati ku Aberdeenshire limakhala lomwelo, eti galu wanga kapena mphaka safa ndi kuzizira kumeneku? Funsoli ndimalimvetsa chifukwa kwathu galu amagona pakhonde chaka chonse osamuganizira, pomwe kuno ku Braemar mu Januwale 1982 kunazizira mpaka madigiri -27.2. Koma chiweto chathanzi chimene chikudya bwino, chikugona m'nyumba pouma, kuzizira sikuchipha wamba ayi. Chimene chimandisowetsa tulo ine ndi kabotolo ka antifreeze kamene kali mu galaja mwanumo.

Madzi aja amtundu omwe timathira mu galimoto kuti injini isaundane, ambiri amakhala ndi ethylene glycol. Akadontha pansi mphaka amaponda kenako n'kumadzinyambita mapazi, galu ndiye amangomwa basi. Kwa mphaka, kasupuni kamodzi ka tiyi n'kokwanira kumupha. Ndiye vuto lake ndi momwe poizoniyu amayendera m'thupi, chiwindi chikamamugaya m'pomwe amasanduka zinthu zowononga impso, moti poyamba mumangoona pusi akudzandira ngati waledzera, akusanza, akumwa madzi kwambiri, pakapita maola angapo amaoneka ngati wapeza bwino ndipo apa m'pomwe anthu ambiri amapusitsika n'kunena kuti tiona mawa. Mawalo impso zimakhala zasiya kale kugwira ntchito. Kwa mphaka zimatha kuchitika pasanathe tsiku limodzi, kwa galu masiku awiri kapena atatu.

Mankhwala alipo koma amathandiza akaperekedwa msanga, kwa mphaka tikunena maola atatu oyambirira. Tsono ganizirani, mukukhala kumudzi, msewu wadzadza sinowo, vetenale ali kutali. N'chifukwa chake ndimati nambala ya vetenale wa usiku ikhale mu foni lero lomwe, ndipo mukangokayikira imbani, musadikire zizindikiro, musamumwetse mkaka kapena madzi a mchere kuti asanze, zimenezo sizichotsa poizoni, mchere ndiye umangowonjezera vuto. Botolo la antifreeze likhale pamwamba lotseka bwino, madziwo akatayika pukutani nthawi yomweyo, ndipo muziyang'ana pansi pa galimoto ngati pali madontho obiriwira, abuluu kapena apinki.

Pa galimoto pomwepo, mphaka amakonda kukalowa pansi pa boneti injini ikakhala yofunda. M'mawa musanalize gogodani boneti kaye, ngakhale mulibe mphaka, wa aneba akhoza kukhala momwemo.

Mchere umene amawaza mumsewu uja umasupula mapazi a galu, ndipo sinowo imaundana timibulu pakati pa zala makamaka agalu aubweya wautali, mumangoona akutsimphina. Mukabwerako koyenda mutsukeni mapazi ndi madzi ofunda, osati otentha, mupukute mpaka pamimba. Galu wokalamba wa nyamakazi kapena waubweya waufupi, kajuzi kamamuthandiza zedi, si matama a azungu ayi.

Chingwe ndiye musachisiye. Mu Disembala kuno dzuwa limalowa cha m'ma 3:30 masana, galu akakuthawani mumdima mu sinowo kumupeza n'kovuta, komanso nthawi imeneyi nkhosa zambiri zimakhala ndi bere, akazithamangitsa zimatha kupita padera, ndipo lamulo la mu 2021 ku Scotland limalola chindapusa chofika mapaundi 40,000 kapena kundende miyezi 12. Alimi amene mukukhala nawo pafupi nkhani imeneyi saiseka.

China chomwe chimandiwawa mtima ndi cha madziwe oundana. Pamwamba pamaoneka polimba, galu akathamangirapo ayisi n'kusweka, mwini wake chifukwa cha chikondi amalowa kukamupulumutsa, kawirikawiri galuyo amatuluka yekha koma munthu n'kutsala m'madzimo. Chonde musalowe, muitaneni muli kumtunda ndipo imbani 999. Akatuluka mukulungeni bulangete louma, mumuike pofunda koma osati pa hita penipeni, kenako imbirani vetenale ngakhale akuoneka kuti ali bwinobwino.