Mwana asanapite ku msonkhano wa ana wa pa tchuthi

Sukulu zikatsekera kumapeto kwa Julayi, mipingo yambiri kuno ku Mangochi imakonza misonkhano ya ana ya masana. Ana amafika m'mawa, amaphunzira Baibulo, amaimba, amaloweza mavesi, amasewera, n'kubwerera kwawo dzuwa lisanalowe. Ine monga namwino ndimaikonda misonkhanoyi. Chimene chimandidetsa nkhawa n'choti makolo ambiri amatanganidwa ndi malaya atsopano ndi nsapato, osafunsa n'komwe kuti mwanayo akamwa madzi otani, akasewera kuti, nanga akamuyang'anira ndani.

Yambani ndi funso la nyanja. Funsani abusa kapena aphunzitsi a Sande sukulu ngati pali tsiku lopita kukasewera ku Nyanja ya Malawi, ku Malombe kapena m'mbali mwa Shire. Ngati lilipo, akuuzeni kuti akuluakulu adzakhala angati komanso ndani mwa iwo amadziwa kusambira. Miyezi imeneyi ndi ya mwera. Nyanja imatha kuoneka yabata m'mamawa, koma mphepoyo ikayamba mafunde amakula msanga, ndipo mwana womira nthawi zambiri sakuwa, amangozimirira anzake ali pomwepo. N'chifukwa chake pafunika munthu wamkulu amene ntchito yake ndi kuyang'ana m'madzi basi, osati yemwenso akugawa chakudya kapena kutsogolera nyimbo. M'malo a mabango musalole n'komwe, ng'ona ndi mvuu zimakonda momwemo.

Palinso likodzo. Tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi odekha a m'mphepete, ndipo timalowa pakhungu, sitidikira kuti mwana amwe madziwo. Zizindikiro zimachedwa, zimatha kudzaoneka sukulu zitatsegulidwa kale. Mwana akadzati akumva kuwawa pokodza, kapena mwaona magazi mu mkodzo, pitani naye kuchipatala. Mankhwala ake, praziquantel, alipo. Chonde tisamati kukodza magazi ndi kukula kwa mnyamata, amenewo ndi matenda, ndipo akakhalitsa amawononga chikhodzodzo.

Madzi akumwa mumupatse akeake m'botolo, owiritsa kapena othira Waterguard. Boma lathu lino linali limodzi mwa amene anavutika kwambiri ndi kolera ya mu 2022 ndi 2023, ndiye chidebe chimodzi ndi kapu imodzi ya ana onse si zoti tizizilolanso. Funsaninso ngati pamalopo pali chimbudzi ndi sopo. Adye phala kapena mbatata asananyamuke, atengeko juzi ya m'mawa ndi chipewa cha masana.

Ngati mwana ali ndi khunyu, mphumu, kapena amamwa mankhwala tsiku lililonse, uzani mtsogoleri mmodzi wodalirika, mumulembere papepala nthawi yomwera ndi nambala yanu ya foni. Ndikudziwa kuti ena amabisa poopa kuti mwana asalidwa, makamaka pa nkhani ya ma ARV. Simuyenera kuuza mpingo wonse, ndipo ngati nthawi yomwera ndi ya kunyumba, nkhaniyo ingathe kukhala ya m'banja. Koma za khunyu musabise. Mwana wakhunyu akagwa m'madzi ofika m'mawondo okha akhoza kumira. Wotentha thupi asapite, akayezetse kaye malungo.

Kenako khalani naye pansi mwanayo. Muuzeni mosapita m'mbali: "Mwanawe, munthu aliyense, kaya ndi aphunzitsi kaya mkulu wa mpingo, asakutengere kwa wekha, asakugwire malo obisika, ndipo akati usanene, ubwere udzandiuze." Kunena zimenezi si kukayikira mpingo. Mpingo wokonzeka bwino sulola wamkulu kukhala yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, ndipo sukhumudwa kholo likafunsa za lamuloli. Mwana wokulirapo aloweze nambala yanu ndi 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Kuno timakhala limodzi ndi abale athu Achisilamu, ndipo mwana wanu angafune kutenga mnzake. Pitani nokha mukapemphe kwa makolo ake, muwafotokozere kuti kumeneko kukaphunzitsidwa Baibulo komanso chakudya chikakhala chotani. Akakana, lemekezani.

Za pobwerera mugwirizane lisanafike tsikulo: adzamutenga ndani, nthawi yanji. Ngati ndi wakabaza, akhale amene mumamudziwa, ndipo atsogoleri adziwe dzina lake kuti asapereke mwana kwa wina aliyense wongoti watumidwa.