Zilembo zokongoletsa zija sizikuba ndalama pafoni

Kwa zaka ndithu ndakhala ndikumva nkhani imodzimodziyi kuno ku Chipata mpaka ndatopa, ati munthu akakutumizira meseji ya zilembo zopindikapindika zija pa WhatsApp ndiye kuti ndi vairasi, ukangotsegula ndalama za pa mobile money zapita. Ayi abale, si zoona.

Zimenezo ndi zilembo chabe, zili mu Unicode, mndandanda wa zilembo umene mafoni ndi makompyuta amagwiritsa ntchito, momwenso muli ma emoji, ndipo zambiri anazikonzera masamu, achinyamata amangozikopa kuti dzina lioneke bwino pa Facebook. Chilembo si pulogalamu, PIN yanu sichiidziwa. Foni yakale ikaonetsa timabokosi sikuti yaonongeka, yangolephera kuzijambula.

Yesani nokha, kopani mawu otero muike mu meseji ina muona atuluka momwemo, kenako muwafufuze ndi zilembo wamba, nthawi zambiri sapezeka chifukwa foni imaziona ngati zilembo zina. Vuto lenileni ndi limenelo, komanso anzathu osaona amene foni imawawerengera mawu amavutika nazo, izi zimandikhudza ine.

Chochenjera nacho ndi linki yachilendo kapena munthu wofunsa PIN. Chonde meseji yoopseza anthu kuti zilembozi ndi vairasi musaiponye ku gulu la kutchalitchi kapena la banja musanatsimikize nokha ngati ndi yoona.