Lolemba la Pasaka ku Slovakia: madzi, chikwapu ndi mazira

Mlendo amene wafika ku Slovakia, dziko la pakati pa Ulaya, pa Lolemba lotsatira Pasaka akhoza kuganiza kuti m'mudzi mwabuka ndewu. M'mamawa anyamata ndi azibambo amayenda khomo ndi khomo atanyamula chikwapu chotchedwa korbáč, cholukidwa ndi nthambi zanthete za mtengo wa vŕba umene umakonda kumera m'mbali mwa mitsinje. Akapeza mtsikana amamukwapula pang'onopang'ono m'miyendo uku akunena timawu ta mwambo. Kukwapulako n'kofala kumadzulo kwa dzikolo. Kum'mawa amakonda madzi: ndowa yodzaza, ozizira kuti zii, ndipo kale ena ankamunyamula mtsikanayo n'kukamuponya mumtsinje, pamene chisanu cha kumeneko chisanatheretu.

Mwambowu suchokera m'Baibulo. Anthu a ku Slovakia amaulumikiza ndi zikhulupiriro zakale za nyengo imene mitengo imayamba kuphukira. Ankati mphamvu ya nthambi yanthete imalowa mwa munthu amene yamukhudza, ndipo madzi amamupatsa thanzi ndi kukongola chaka chonse. N'chifukwa chake wokwapulidwayo ndiye amathokoza. Amamanga riboni pa chikwapu cha mnyamata, n'kumupatsa dzira lojambulidwa bwino. Ana amalandira chokoleti kapena ndalama, akuluakulu amawathirira slivovica, kachasu wa mapulamu. Kale mtsikana amene sanamuyendere aliyense ankamva kuti anyamata amutaya.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti mwambowu unapulumuka pamene za tchalitchi zinkaponderezedwa. Kuyambira 1948 mpaka 1989, Slovakia ili mbali ya Czechoslovakia, boma la chikomyunizimu linatseka nyumba za amonke, linamanga ansembe ndi mabishopu, ndipo Lachisanu Loyera linasanduka tsiku wamba la ntchito. Koma Lolemba la Pasaka linakhalabe tchuthi. Boma linkalitenga ngati chikondwerero cha anthu wamba chopanda mtanda, motero chikwapu ndi ndowa zinadutsa zaka zonsezo osasokonezedwa. Dzikolo litaima palokha pa 1 January 1993, Lachisanu Loyera linabwezeretsedwa pa masiku opuma.

Lero mkangano uli pakati pa eni ake. Amayi ambiri amanena poyera kuti ali ana ankaliopa tsikuli: kusintha zovala kangapo, kubisala m'bafa, kenako kumwetulira ndi kupereka mphatso kwa munthu amene wakunyowetsa, mwinanso ataledzera. Ine ndili kumbali yawo pa mfundo imodzi: amene wakana asamukhudze, ngakhale mwambo ukhale wakale chotani. Ena amati kuusiya n'kutaya za makolo, ndipo m'midzi magulu ovala zovala zachikhalidwe amauchitabe ndi nyimbo. M'mizinda ikuluikulu ya Bratislava ndi Košice ambiri anasiya ndowa, amangowaza timadzi kapena perefyumu kumutu, ndipo mabanja ena amachoka pakhomo tsikulo kupita kokayenda.

Mlendo wamkazi amene waitanidwa kumudzi patsikuli atenge zovala zosinthira, ndipo ngati sakufuna, anene msanga kwa mwini nyumba. M'madera ena amayi amabwezera tsiku lotsatira, Lachiwiri, pothira madzi amuna.