Mfuti yanu sinalodzedwe, yang'anani mpope

Pa zaka zimene ndakhala ndikuyeza mfuti kuno ku Zomba, palibe mawu amene anditopetsa ngati akuti "mfuti yanga yalodzedwa". Munthu akaphonya nguluwe imene ikumuthera chimanga m'tsinde mwa phiri, amathamangira kwa sing'anga kukasambitsa mfuti, koma mumpope sanasuzumiremo n'komwe.

Chipolopolo chimayenda molunjika chifukwa chimazungulira ngati nguli, ndipo aliyense amene anakwapulapo nguli ali mwana akudziwa kuti ikayamba kufooka imayamba kudzandira. Chimene chimachizunguza ndi mizere yopotana imene inadindidwa mkati mwa mpope. Mu mfuti zambiri zowombera zipolopolo za asilikali zotchedwa 7.62 NATO mizereyo imazungulira kamodzi pa mainchesi 12, ndipo popeza chipolopolo chimatuluka pa liwiro loposa mamita 800 pa sekondi, chimazungulira maulendo oposa 2,600 pa sekondi imodzi. Chipolopolo chikakhala chachitali chimafuna mizere yopotana kwambiri, mfundo imene Alfred Greenhill, katswiri wa masamu wa ku Britain, anaiwerengera kalekale mu 1879. Ngakhale asilikali a ku America zinawachitikira: mfuti zoyamba za M16 zinali ndi mizere yozungulira kamodzi pa mainchesi 14, koma mu mpweya wozizira kwambiri zipolopolo zinkagwedera, mpaka anasintha kukhala mainchesi 12, kenaka 7 atabweretsa zipolopolo zazitali. Choncho musaganize kuti chipolopolo chilichonse chimene chalowa mu mfuti yanu n'choyenera mfutiyo. Kutali kwambiri, liwiro likatsika kufika pafupi ndi la mawu, mamita pafupifupi 340 pa sekondi, zipolopolo zina zimagwederanso, koma ambiri a inu simuwombera mtunda wotero, ndiye ndisakutayireni nthawi.

Imene imandisowetsabe tulo ndi nkhani ya bambo wina, wa chiphaso chake bwinobwino, amene anabwera ndi mfuti atavulaza nguluwe osaipha. Nyamayo inathawira m'bango, ndipo m'mawa mwake inang'amba mwendo wa mnyamata amene ankapita kudimba. Titaimika pepala pa mamita 100, mabowo sanali obulungira ayi, anali aatali, kusonyeza kuti zipolopolo zinkafika chopingasa. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, zimenezi munayamba liti kuziona?" Anayankha kuti kuyambira dzinja lapitalo. Dzimbiri litadya kukamwa kwa mpope, iwo anapita nayo kwa wowotcherera mawindo, amene anadula nsongayo ndi sowo ya zitsulo n'kupalapala ndi tupa. Pakamwa pa mpope ndi pamene chipolopolo chimatsanzikana ndi mfuti, ndipo pakapendekeka ngakhale pang'ono, mpweya wa wonga umatulukira mbali imodzi n'kukankha tsinde la chipolopolo. Miyezi yonseyo ankangoti dzanja lawo lakalamba.

Wowotcherera zitsulo si wokonza mfuti, ngakhale atakhala mlamu wanu. Chinyezi cha kuno, makamaka nthawi ya mvula ndi ya chiperoni, chimadya mpope mwakachetechete ngati mwaisunga mfuti osaipukuta ndi kuidzoza mafuta, ndipo ena amaonjezera kuwononga potsuka ndi waya wa mpanda kuchokera kukamwa. Mukangoona bowo limodzi lalitali papepala, chotsani zipolopolo, tsekerani mfutiyo, ndipo musailozetsenso pa nyama mpaka wodziwa ntchitoyi ataiyeza.