Chiphaso cha nsembe ndi mantha a mfumu Decius

Anthu ambiri amaganiza kuti boma la Roma linkazunza Akhristu chifukwa chodana ndi Mulungu wachilendo, koma Aroma ankalandira milungu ya mitundu ina popanda vuto lalikulu. Chimene chinkawautsa mtima chinali kukana kupereka nsembe, popeza kwa iwo nsembe inali umboni wakuti munthu ndi wokhulupirika ku dziko, ndipo ankakhulupirira kuti milungu ikakwiya, ufumu wonse umagwa m'tsoka.

Nkhaniyi imaoneka bwino mu ulamuliro wa Decius, yemwe anatenga ufumu m'chaka cha 249 pa nthawi imene adani ankaukira malire. Iye analamula kuti anthu a mu ufumu wake apereke nsembe pamaso pa akuluakulu a boma, alawe nyama ya nsembeyo, kenaka alandire chiphaso chotchedwa libellus. Ziphaso zotere zoposa 40, zolembedwa pa gumbwa m'chaka cha 250, zinapezeka ku Egypt. Zikuoneka kuti lamuloli silinatchule Akhristu, komabe linawagwera iwo kwambiri. Ena anapereka nsembe, ena anagula ziphaso mwachinyengo, ndipo ena anakana mpaka imfa. Fabian, bishopu wa Roma, anafa mu Januwale 250, ndipo mpando wake unakhala wopanda munthu kwa nthawi yoposa chaka.

Cyprian, bishopu wa mzinda wa Carthage kumpoto kwa Africa, analemba kuti Decius akanapirira kumva za munthu wofuna kumulanda ufumu kusiyana ndi kumva kuti ku Roma kwasankhidwa bishopu wina. Mawuwa ndi a munthu wa mbali imodzi, ndipo tiyenera kuwawerenga mosamala, koma ine ndikuona kuti akuloza chinthu chenicheni. Cornelius, amene analowa m'malo mwa Fabian m'chaka cha 251, anawerengera m'kalata yake kuti mpingo wa ku Roma unali ndi ansembe 46, madikoni 7, ndiponso akazi amasiye ndi osauka oposa 1,500 amene unkawadyetsa. Bungwe lokhala ndi atsogoleri ake, thumba lake la ndalama, njira yake yoweruzira milandu ndi makalata oyenda kuchokera mzinda wina kupita wina silinali kagulu wamba ka anthu opemphera. Mkazi wamasiye amene ankalandira chakudya kwa dikoni ankadziwa bwino amene akumusamala, ndipo sanali Kaisara.

Decius anafera ku nkhondo yolimbana ndi Agothi m'chaka cha 251, ndipo lamulo lake linazilala. Mfumu ina, Valerian, amene anayambitsanso chizunzo m'chaka cha 257, sanavutike ndi kufunsa ziphaso kwa munthu aliyense. Iye analunjika pa mabishopu, ansembe ndi madikoni, analetsa misonkhano ya mpingo, ndipo chaka chotsatira analamula kuti atsogoleriwo aphedwe komanso kuti chuma cha Akhristu olemera chilandidwe. Cyprian anadulidwa mutu ku Carthage pa 14 Seputembala 258.