Mwana akamatsalira m'kalasi, yambani mwamuyezetsa makutu ndi maso

Uthengawu ndi wa makolo ndi olera ana ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde.

Mwana akabwereza kalasi kawiri, anthu sachedwa kunena kuti "ameneyu alibe mutu wa sukulu," basi n'kumupatsa mbuzi aziweta. Musafulumire choncho. Ena mwa ana amenewa vuto lawo lili pa khutu kapena pa diso, ndipo chithandizo chake chilipo.

Yesani muli pakhomo. Imani kumbuyo kwa mwana, mumuitane motsitsa mawu. Ngati sacheuka mpaka mutakuwa, kapena amayang'anitsitsa pakamwa panu mukamalankhula, pitani naye kuchipatala. Khutu lotuluka mafinya kwa miyezi limagontha pang'onopang'ono, ndipo malungo a mu ubongo ndi matenda oumitsa khosi amatha kumusiya mwana asakumva bwino. Osathira mafuta kapena madzi a masamba m'khutumo. Amene saona bwino amatsinzina diso limodzi poyang'ana bolodi, ndipo powerenga amafikitsa kope pamphuno.

Onaninso za chilankhulo. Mwana wokulira m'Chinyanja akafika kalasi yoyamba n'kumva Chipwitikizi chokhachokha amangokhala duu, koma mutu wake uli bwinobwino. Mufunseni funso lomwelo m'Chinyanja muone. Kumene kuli sukulu yophunzitsa m'zilankhulo ziwiri, kumuyambitsa kumeneko n'kothandiza.

Alipo enanso amene amamva bwino, amaona bwino, pamsika chenji sangamubere, koma zilembo zimamusokonekera: b amalemba d, mawu amene wawerenga m'mawa madzulo wawaiwala. Umenewu si ulesi, ndipo chikwapu chimangomudanitsa ndi sukulu. Amafunika nthawi yowonjezera polemba, ntchito yogawidwa pang'onopang'ono, ndi mpata woyankha pakamwa.

Malamulo ali kumbali yanu. Mozambique inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2012. Lamulo la maphunziro la nambala 18/2018 limati mwana aliyense aphunzire kuyambira kalasi 1 mpaka 9, ndipo boma lili ndi ndondomeko ya 2020 mpaka 2029 yoti ana olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo. Choncho kamulembetseni pa sukulu yapafupi, mutatenga kalata ya kuchipatala ngati muli nayo. Zopempha zambiri sizidya ndalama: mpando wakutsogolo, kalasi yopanda masitepe kwa woyenda pa njinga ya olumala, aphunzitsi kulankhula atayang'ana ana osati bolodi. Mwana wachialubino akhale pafupi ndi bolodi, alemberedwe zilembo zazikulu, ndipo aloledwe kuvala chipewa ndi malaya a manja aatali, ngakhale yunifolomu ikhale ya manja aafupi.

Zikakanika kwa mkulu wa sukulu, kaonaneni ndi a komiti ya sukulu, Conselho de Escola, kenako ofesi ya maphunziro ya boma lanu, SDEJT. Mumzinda wa Tete muli malo othandiza ana olumala pa maphunziro, CREI, amodzi mwa malo atatu otere m'dziko muno (ena ali ku Nampula ndi ku Gaza), kumene ana amaphunzira zilembo za braille zowerenga ndi zala ndi chilankhulo cha manja. Kwa banja la ku Domwe n'kutali ndithu, n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba mwafunsa ku SDEJT musanawononge ndalama ya ulendo. Mabanja ovutikitsitsa afunse ku INAS, nthambi yothandiza ovutika, za chithandizo cha boma.

Khunyu silopatsirana, ngakhale kudzera m'thovu la pakamwa, ndipo mwana amene akumwa mankhwala ake tsiku lililonse angathe kuphunzira ngati anzake. Auzeni aphunzitsi chaka chikangoyamba. Akagwa, achotse mabenchi pafupi, amugoneke chammbali, asamuike supuni kapena chala m'kamwa. Kugwako kukapitirira mphindi 5, athamangire naye kuchipatala.