Lichero la m'mutu

Mukadzakwera minibasi yochokera ku Limbe kupita m'tauni, mudzamuyang'anitsitse kondakitala. Ndalama wazipinda pakati pa zala, mayi wa kumpando wakumbuyo wapereka K5,000 ndipo akudikira chenje, bambo wina walipirira anthu atatu, winanso akukuwa kuti atsike pa Ginnery Corner. Zonsezi mnyamata uja wazigwira m'mutu kwinaku akuwerengera. Ife a maphunziro a za maganizo luso limeneli timalitcha working memory. Pofotokozera makolo ndimati zimene munaphunzira kalekale zili m'nkhokwe, koma pogwira ntchito mumatapako n'kuika palichero. Nkhokwe ndi yaikulu, lichero ndi laling'ono. George Miller mu 1956 anati limakwana zinthu pafupifupi 7. Nelson Cowan mu 2001 anazitsitsa kufika pa 4 kapena chapompo.

Njira yakale yoyezera ndi yotchula manambala, munthu n'kuwabwereza, kenako n'kuwabwerezanso chobwerera m'mbuyo. Kungobwereza sikutiuza zambiri. Mu 1980 Meredyth Daneman ndi Patricia Carpenter anasintha kayezedwe: munthu aziwerenga ziganizo uku akusunga mawu omaliza a chiganizo chilichonse. Amene anakhoza apa ndi amenenso ankamvetsa bwino zowerenga. Kenako kunabwera mayeso ofanana nawo olowetsamo masamu, ndipo mu 1990 Patrick Kyllonen ndi Raymond Christal, poyeza anthu olowa usilikali wa m'ndege ku America, anapeza kuti wa lichero lalikulu nthawi zambiri amathanso kumasula mafunso achilendo ofuna kuganiza.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mwana wa Sitandade 6 akamachulukitsa 47 ndi 8 pamtima, ayenera kusunga 56 wochokera pa 7 kuchulukitsa ndi 8 pamene akuwerengera 40 kuchulukitsa ndi 8. Akangomutaya, njira yonse yasokonekera, ngakhale kuti njirayo amaidziwa.

Koma makolo akamva zotsatira zotsika amandifunsa ndi nkhope yakugwa kuti, "Ndiye kuti mwanayu alibe mutu?" Ayi ndithu. Mu 2005 akatswiri anatsutsana pa kukula kwa ubale wa pakati pa lichero ndi luso lomasula mafunso ofuna kuganiza. Phillip Ackerman ndi anzake anati ndi wocheperapo kusiyana ndi mmene ena ankanenera, pomwe gulu la Michael Kane linati ziwirizi zimagawana pafupifupi theka. Ngakhale titatenga za Kane, theka lina likadali panja.

M'theka limenelo muli kuzolowera. Mu 1973 William Chase ndi Herbert Simon anaonetsa akatswiri a chess bolodi kwa masekondi ochepa, iwo n'kulikumbukira kuposa ophunzira kumene. Atangomwaza zidutswa zija mwachisawawa, ukatswiri uja unatsala pang'ono kutheratu. Lichero lawo silinali lalikulu. Ankangomanga zinthu m'mitolo. Madala osewera bawo ku Ndirande amachita zomwezo: iwe ukuwerenga nkhomo imodziimodzi, iwo aona kale kumene dzanja likagone.

Mulinso nkhawa. Sian Beilock ndi Thomas Carr mu 2005 anapeza kuti popanikiza ophunzira pa masamu, amene anatsika kwambiri anali a lichero lalikulu aja. Nkhawa imakhala palichero pomwepo n'kudya malo. Mwana amene amakhoza m'kalasi koma n'kuuma mutu pa MSCE, musathamangire kumunena ulesi.

Nkhani ya chilankhulo ndiye imandikhudza kwambiri. Mu 1980 Nick Ellis ndi mnzake anapeza kuti anthu olankhula Chiwelishi (chilankhulo cha ku Wales) ndi Chingerezi ankasunga manambala ochepa mu Chiwelishi, chifukwa mayina a manambalawo amatenga nthawi kuwatchula. Tayesani kunena "zisanu ndi zitatu" kenako munene "eyiti". Mwina n'chifukwa chake ngakhale agogo pamsika wa Limbe amawerengera ndalama m'Chingerezi. Choncho ndikaona mwana wathu wayezedwa ndi mayeso opangidwira ana a kunja, malangizo ake m'Chingerezi chimene akuvutika nacho, nambala yotulukayo ndimailandira ndi dzanja limodzi.

Za timasewera ta pafoni tonena kuti tikulitsa nzeru, sungani bandulo yanu. Monica Melby-Lervåg ndi Charles Hulme atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2013 anapeza kuti munthu amapita patsogolo pa zinthu zofanana ndi zimene wakhala akuyeserera, koma umboni woti phindulo limafika pa masamu kapena kuwerenga sanaupeze.

Chimene ndaona chikuthandiza ndicho kupeputsa katundu. Mwana alembe nambala imene wasunga m'mphepete mwa kope, aphunzitsi apereke malangizo awiri osati asanu pakamodzi, matebulo a kuchulukitsa alowe m'nkhokwe kuti asamadye malo palichero. Kondakitala uja naye sadalira mutu wokha. K5,000 ya mayi aja waipinda payokha pachala china, ndipo siichoka pamenepo mpaka chenje chitaperekedwa.